Mwana uja anati "ndapereka"

Agogo anga aamuna anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Kitwe, ndipo makalata awo onse ankadzera pa sukulu ya kwathu, cha ku Chadiza. Mudzi unalibe bokosi la ku positi. Sukulu ndiyo inali nalo, choncho aphunzitsi aakulu akapalasa njinga kupita ku boma ankabwerako ndi mtolo wa makalata a midzi yonse yozungulira. M'mawa pa mzere ankaitana maina, mwana wa m'mudzi umenewo n'kupatsidwa kalata kuti akapereke akaweruka. Amayi anga mpaka lero amasimba za kalata ina imene munali ndalama za yunifolomu yawo. Inachoka ku Kitwe, inadutsa Lusaka, inawoloka Luangwa, inatha msewu wonse wa Great East n'kufika bwinobwino m'manja mwa aphunzitsi. Inakatayikira pa bwalo la mpira, pamtunda woti ukaitana munthu ali kunyumba amakuyankha. M'mawa mwake mwanayo atafunsidwa anayankha osaphethira: "Ndapereka."

Akanati sanawapeze, kapena kuti yagwa, anthu akanasesa bwalo lonse tsiku lomwelo. Koma mawu akuti ndapereka anatseka nkhani. Aphunzitsi anaiwala. Agogo ku Kitwe ankadikira zikomo, agogo aakazi kumudzi ankadikira ndalama, aliyense akudabwa ndi mnzake, mpaka miyezi inatha. Amayi akamasimba satchula dzina la mwanayo, amangoti "mwana uja".

Ine ndimakonza makompyuta kuno ku Chipata, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza kagulu ka alimi amene amasonkhanitsa nshawa, soya ndi mpendadzuwa n'kugulitsa pamodzi. Abale a kutsidya kwa Mwami, nshawa ndi mtedza womwewo, musasokonezeke. Ofesi yawo ndi kachipinda kamodzi chakufupi ndi msika wa Kapata, ndipo pansi pa tebulo pali kompyuta yakale yopanda sikirini, yoyendera Debian, mtundu wina wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Imeneyo ndiyo seva ya maimelo, makina olandira ndi kusunga makalata a onse. Wina afunsa kuti bwanji osangotsegula Gmail basi. Pamene tinkayamba, intaneti ya mu ofesi inali yodukaduka, ndipo anthu asanu aliyense kumatsegula bokosi lake kunja kunkatha mabandulo ngati madzi. Kunali kwanzeru kuti makina amodzi azikatenga makalata onse, enawo aziwerengera pa waya wa mu ofesi ngakhale netiweki itathawa. Chifukwa china, ndisabise, ndinkafuna pophunzirira.

Imelo ikanyamuka imayenda motsatira SMTP, ndondomeko imene Jon Postel analemba mu 1982 m'chikalata cha RFC 821. Mapulogalamu oinyamula kuchoka pa seva ina kupita pa ina, monga Sendmail ya Eric Allman, Exim, kapena Postfix imene Wietse Venema anatulutsa mu 1998 ali ku IBM, ndiwo mabasi a pa msewu waukulu. Amawatchula kuti MTA. Basi imathera pa siteshoni. Kalata ikafika pa seva yomaliza pamafunika wina woitenga n'kukaiika m'bokosi la mwiniwake, ndipo ameneyo ndi MDA. Ndi kapulogalamu kopanda nkhope, kopanda batani loti udine. Amakathira kalata ngati mmene umathirira chimanga m'chigayo, kamailemba pa disiki, kenako kamatuluka n'kusiya nambala imodzi. Nambala imeneyo ndiyo yankho la mwana kwa aphunzitsi.

Ikakhala 0, ndiye kuti ndapereka. Manambala ena ali m'fayilo yakale yotchedwa sysexits.h, imene inachokera kwa Allman yemweyo. 67 ndiye kuti munthu wa dzina limeneli kuno kulibe. 73 ndiye kuti ndalephera kulemba m'bokosi. Ndipo pali 75, imene dzina lake ndi EX_TEMPFAIL, kutanthauza kuti lero zakanika, isungeni, tiyesanso. Postfix ikamva 67 kapena 73 imabweza kalata kwa wotumiza ndi uthenga wofotokoza. Ikamva 75 imaiika pa mzere wodikirira n'kumayesa mobwerezabwereza, mpaka masiku 5 ngati mwini seva sanasinthe. Ikamva 0 imafufuta kope lake n'kuiwala, monga anaiwalira aphunzitsi aja.

Kwathu zinkayenda chonchi. Pulogalamu ya fetchmail, imene Eric Raymond anaitchukitsa kuyambira 1996, inkapita mphindi zingapo zilizonse ku bokosi lathu lalikulu la kunja, kutenga zimene zafika, kuzipereka kwa Postfix ya pansi pa tebulo, ndipo Postfix ikavomera, fetchmail inkafufuta za kunjazo. Postfix ili ndi woperekera makalata wakewake, koma ine ndinaiuza kudzera pa mzere wa mailbox_command kuti izipatsira procmail, chifukwa ndinkafuna kusankha makalata.

Procmail ndimaikonda ngati mmene achikulire amakondera njinga za Eagle zimene zinkapangidwa konkuno ku Chipata: yolemera, yosakongola, koma yonyamula chilichonse. Anailemba Stephen van den Berg mu 1990. Malamulo ake amalembedwa m'fayilo ya .procmailrc, ndipo ukawaona koyamba umayesa mwana wagwera pa kiyibodi:

:0:
* ^Subject:.*nshawa
maoda

Mzere woyamba ukuti lamulo layamba, ndipo timadontho tachiwirito tikuti tseka fayilo polemba kuti wina asalembemo nthawi yomweyo. Wachiwiri ukuti yang'ana ngati mutu wa kalata uli ndi mawu akuti nshawa. Wachitatu ukuti ngati alimo, ika m'bokosi la maoda. Lamulo limeneli ndinkalinyadira, mpaka nditazindikira kuti ogula onse akuluakulu amalemba m'Chingerezi ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene analembapo mawu akuti nshawa. Makalata awo onse ankangogwera m'bokosi lalikulu la adiresi ya malonda. Kumbukirani zimenezi.

Tsiku lina a cheyamani anandipempha kanthu kakang'ono. "Mwana wanga, kodi makina akowa sangatiuze kuti pa tsiku timalandira makalata angati? A komiti amafunsa ngati ndalama ya intaneti ikugwira ntchito." Ndinati n'zosavuta, atate. Ndinalemba script, kapulogalamu kakang'ono ka mizere itatu, ndinaitcha pereka, n'kuiika pakati pa Postfix ndi procmail:

#!/bin/sh
/usr/bin/procmail
echo "$(date) yafika" >> /var/tmp/kuwerenga.log

Ndinayesa, inayenda. Kumapeto kwa mwezi ndinkawerenga mizere ya m'fayilo ya kuwerenga.log ndi lamulo la wc -l, a cheyamani n'kupita nayo nambala ku komiti ali osangalala.

Amene amadziwa shell, chinenero cha ma script otere, aona kale pamene ndinaponda. Script ikatha, nambala imene imasiya ndi ya lamulo lomaliza. Lamulo lomaliza pamenepa si procmail, ndi echo. Ndipo echo kulemba kamzere kamodzi m'kafayilo kakang'ono silephera. Procmail ikanakuwa chotani kuti 73, ndalephera, script yanga inkameza mawuwo n'kuuza Postfix kuti 0. Ndinali nditalemba ntchito mwana wodziwa yankho limodzi lokha.

Kwa miyezi yambiri palibe chinachitika, chifukwa procmail sinkalephera. Kenako inafika nyengo yogula. Alimi akubweretsa matumba pa ngolo ndi pa njinga, ogula akutumiza zithunzi, ife tikulandira mapepala ojambulidwa ndi sikana, ndipo amayi amene amasunga bokosi la malonda safufuta kalata ngakhale imodzi, amati mawa idzakhala umboni. Sindikuwanena, akunena zoona. Koma bokosilo linali la mtundu wakale wotchedwa mbox, kumene makalata onse a munthu mmodzi amasanjikizana m'fayilo imodzi. Ndipo Postfix ili ndi malire otchedwa mailbox_size_limit, amene ukapanda kuwasintha amakhala mabaiti 51,200,000, pafupifupi ma MB 50. Malirewo samanga Postfix yokha, amamanganso pulogalamu iliyonse imene Postfix yaituma kukalemba. Fayilo ya malonda inafika pakamwa penipeni.

Apa ndi pamene zinandipusitsa. Bokosi silinatsekeke kotheratu. Munatsala kampata. Kalata yaifupi, ya mizere iwiri, inkalowa. Kalata yolemera, yokhala ndi kontilakiti ya masamba angapo, inkayamba kulembedwa, n'kugunda malire, procmail n'kubweza fayilo pamene inali, n'kunena kuti yalephera. Script yanga n'kunena kuti yafika. Postfix n'kufufuta. Kunja nako fetchmail inali itafufuta kale. Kalatayo sinali ku Lusaka, sinali pa mzere, sinali m'bokosi, sinabwerere kwa mwiniwake.

Wogula wina wa ku Lusaka anatumiza kontilakiti katatu. Timakalata take tating'ono tofunsa kuti kodi mwaiona tinkafika. Kontilakitiyo ayi. A cheyamani anandiitana, anandikhazika pa mpando wawo. "Mwana wanga, anthu aja akuti ife ndife osalongosoka. Taona bwino." Ndinatsegula terminal, polembera malamulo, ndinafufuza ndi grep mu /var/log/mail.log, log imene Postfix imalembamo zonse zimene yachita, ndipo zinatuluka zoyera: status=sent, delivered to command, katatu konse, tsiku ndi ola lake. Ndinayang'ana m'bokosi, mulibe. M'malo moti mantha andigwire, ndinayamba kufunafuna wolakwa. Ndinafunsa amayi aja ngati sanafufute mwangozi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndili ndi makalata a chaka chatha onse. Ndiyambire lero kufufuta?" Manyazi amene ndinamva pambuyo pake pa funso limeneli sanathebe.

Usiku umenewo ndinatsala ndekha mu ofesi. Ndinatenga kalata yaikulu, ndinaithira mu script ndi manja anga, cat kalata.txt | pereka, inalowa bwinobwino. Ndinayesa kachiwiri, inalowanso. Ndinatsala pang'ono kupita kunyumba ndili wolungama. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ukaitana pulogalamu ndi manja, malire a Postfix sakhalapo, amabwera pokhapokha Postfix ikaitana yokha. Ndiye mayeso anga ankangokulitsa fayilo, kuipyoletsa malire. M'mawa mwake ngakhale timakalata tating'ono tikanasiya kulowa.

Chinandipulumutsa ndi mizere iwiri imene ndinayenera kuika tsiku loyamba: LOGFILE ndi VERBOSE=yes mu .procmailrc, imene imauza procmail kuti nayo izilemba zonse zimene ikuchita. Ndinatumiza chithunzi kuchokera pa foni, kudzera njira yonse ngati mlendo. Log ya Postfix inati sent. Log ya procmail inati Error while writing. Ndinalemba ls -l /var/mail, ndinaona kukula kwa fayilo, ndinalemba postconf mailbox_size_limit, ndinaona nambala. Ndinatsegula script yanga, mizere itatu ija, ndinakhala chete. Kunja agalu a ku Kapata akuwuwa, ine ndikuona bwalo la mpira la ku Chadiza.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi ziwiri, ndipo n'chimene chimapweteka. Kusunga nambala ya procmail ndi $? n'kutuluka nayo pamapeto. Kuwonjezera -t pa procmail, chimene chimaiuza kuti ikalephera izinena 75 m'malo mwa 73, kuti kalata ibwerere pa mzere osati kwa wotumiza. Zikanakhala choncho kuyambira pachiyambi, makontilakiti atatu aja ndikanawapeza ali phee pa mzere, akundidikira masiku 5.

Koma nditayamba kukumba sindinalekere pomwepo, chifukwa mbox inali itandivutitsa kale m'njira zina. M'fayilo imodzi ija, chimene chimasiyanitsa kalata ndi inzake ndi mzere woyamba ndi mawu akuti From ndi kampata. Munthu akayamba mzere wa m'kati mwa kalata yake ndi mawu omwewo, pulogalamu imaikapo kachizindikiro > kutsogolo kuti asaoneke ngati kalata yatsopano. Ngati munalandirapo imelo yokhala ndi >From pakati popanda chifukwa, gwero lake ndi limenelo. Vuto lalikulu ndi kutseka. Popeza onse amalemba ndi kuwerenga fayilo imodzi, wolemba amayamba waika kafayilo ka .lock ngati loko pa chitseko. Magetsi akazima ali m'kati, loko amatsala, kalata imatsala theka. M'chaka cha chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, malaiti ankapita maola ochuluka pa tsiku, ndipo batire ya UPS yathu, kabokosi kosunga moto magetsi akazima, inali itakalamba moti inkangolira kawiri n'kugona. Seva yoteroyo siyenera kusunga makalata onse m'dengu limodzi.

Maildir anaipanga Daniel Bernstein cha pakati pa zaka za m'ma 1990, pamodzi ndi pulogalamu yake ya qmail, ndipo nzeru yake ndi yoti mlimi aliyense angaimve. Kalata iliyonse ndi fayilo payokha. Pali mafoda atatu: tmp, new ndi cur. Woperekera amalemba kalata yonse mu tmp, akamaliza ndi kutsimikiza kuti yakhazikika pa disiki, amaisamutsira mu new kamodzi n'kamodzi. Mwini akaiona imapita mu cur. N'chimodzimodzi ndi mmene timachitira pa sikelo: thumba limadzazidwa ndi kusokedwa pambali, likatha ndi pamene limakwera pa mulu. La theka silifika pa mulu. Magetsi akazima pakati, chimatsala ndi chidutswa mu tmp chimene palibe amachiwerenga, ndipo popeza woperekera sananene 0, Postfix ikadzuka imaperekanso. Loko safunika. Malire a ma MB 50 aja amakhudza fayilo imodzi, ndiye kuti kalata imodzi, osati bokosi lonse. Ndinasamutsa mabokosi onse ndi kachida kotchedwa mb2md Loweruka lina masana, nditayamba ndakopera zonse pa disiki ina, pakuti ndinali nditaphunzira kudzikayikira.

Procmail imatha kulemba mu Maildir, umangoika / kumapeto kwa dzina la bokosi. Komabe ndinaganiza zoisiya. Mtundu wake wa 3.22 unatuluka mu 2001 ndipo unakhala zaka zambiri osakhudzidwa, ndipo mu 2014 Philip Guenther, amene ankaisamalira, anauza anzake opanga OpenBSD, pulogalamu ina yoyendetsa makompyuta, kuti aichotse chifukwa sinalinso yodalirika pa chitetezo. Pulogalamu imene ntchito yake ndi kutsegula chilichonse chimene mlendo aliyense padziko watumiza, mwini wake akanena choncho, umamvera. Ndinayesa maildrop ya Sam Varshavchik kwa milungu ingapo. Malamulo ake amawerengeka ngati chinenero cha anthu, ndipo khalidwe lake ndi labwino: imawerenga fayilo yonse ya malamulo isanakhudze kalata, ikapeza cholakwika imanena 75. Ndilibe nayo mlandu. Ndinangoona kuti tinali kale ndi Dovecot, ya Timo Sirainen wa ku Finland, imene inkatumikira makompyuta a mu ofesi powerenga makalata, ndipo nayo ili ndi woperekera wake.

Woperekerayo alipo m'njira ziwiri. Pali dovecot-lda, lamulo limene Postfix imaitana pa kalata iliyonse monga inkaitanira procmail. Ndipo pali LMTP, ndondomeko ya mu 1996 yofanana ndi SMTP, kumene Dovecot imakhala ili maso kudikira, n'kuyankha payekhapayekha za munthu aliyense amene kalata ikupita kwa iye: uyu ndamupatsa, uyu bokosi ladzaza, yesaninso. Ndinasankha LMTP, makamaka chifukwa pakati pake palibe mpata woti munthu ngati ine alowetsepo script. Kusankha makalata tsopano kumachitika ndi Sieve, chinenero chimene chinakhazikitsidwa mu 2001 n'kukonzedwanso mu 2008:

require "fileinto";
if header :contains "subject" ["nshawa", "groundnut"] {
fileinto "Maoda";
}

Mwaona kuti ulendo uno ndinaika mawu onse awiri. Sieve anaipanga dala yopanda mphamvu zambiri. Mwa chibadwa chake singaitane mapulogalamu ena, ndipo malamulo ako akasokonekera, kalata imangogwera m'bokosi lalikulu m'malo mosowa. Ena amadandaula kuti ndi yomangika. Ine kumangikako ndi kumene ndinkafuna.

Pali anzanga a ntchito yomweyi amene amati zonsezi ndi zachikale, aliyense ali pa WhatsApp, ndipo ma seva ang'onoang'ono atha ntchito. Mbali ina akunena zoona, ndipo munthu woyamba lero sindingamuuze kuti aike seva pansi pa tebulo. Koma kontilakiti imabwerabe pa imelo, ndipo imelo inapangidwa ndi anthu amene ankadziwa kuti waya amaduka ndi kuti makina a kutsidya akhoza kukhala atagona. Dziko lathu la Zambia linalowa pa intaneti mu 1994 kudzera ku kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesite ya UNZA, nthawi imene kulumikizana kunali kwa apo ndi apo, ndipo makalata ankafikabe chifukwa pa siteshoni iliyonse panali wodziwa kusunga ndi kuyesanso. Kuno kumene malaiti ndi netiweki zimasinthana kuthawa, 75 ndi nambala yathu. Masiku ano magetsi akabwera ndimalemba postqueue -p kuona amene akudikira, kenako postqueue -f kuwauza kuti nyamukani, ndipo ndimaonerera mu log ndi lamulo la tail -f akulowa mmodzimmodzi ngati mbuzi madzulo.

A cheyamani ndinawauza zoona m'mawa mwake, amayi aja ali pomwepo. Ndinafotokoza kuti makalata anafika, ndipo amene anawataya ndine. Sanakalipe. Anafunsa funso limodzi, ngati pali njira yodziwira ena amene anatayika. Njira inalipo pang'ono: log ya Postfix inali ndi adiresi ya wotumiza aliyense ndi kukula kwa kalata yake, ndiye ndinatola onse olemera a milungu imeneyo amene m'bokosi munalibe, ndipo amayi aja anawaimbira foni mmodzimmodzi kupepesa ndi kupempha kuti atumizenso. Ambiri anatumiza. Wa ku Lusaka uja anali atagula kale kwina, cha ku Lundazi. Nshawa zathu zinagulidwa mochedwa, pa mtengo wotsikirapo, ndipo pa msonkhano wa komiti ndinakhala kumbuyo.

Patapita nthawi ndinapita kumudzi, ndinawasimbira amayi anga nkhani yonseyi tili pa khonde tikusenda nshawa. Za Postfix ndi Maildir sanazisamale. Anamva za nambala ija basi, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ndinapezerapo mwayi wofunsa chimene ndinali ndisanafunsepo, kuti kodi mwana uja wa kalata ya agogo anali wa kwa yani. Analoza ndi mlomo ku nyumba ya malata ya kuseri kwa nkhokwe, kumene amalume anali atakhala pa mpando akusoka thumba.

"Usakawafunse," anatero. "Mpaka lero amati anapereka."